Mlendo ndi mame, nanga galu atsale ndi yani?

Inu a kumsika, galu wopanda mwini mukumudziwa bwino. Amagona pansi pa benchi ya ogulitsa nyama, masana n'kumazungulira pa chiwaya cha tchipisi, ndipo amadziwa amene amaponya fupa ndi amene amaponya mwala. Lero ndati tikambe za mbale wake, uja amadikira alendo m'munsi mwa phiri n'kuwatsata mpaka pamwamba. Alendo amamukonda, amamujambula, amamupatsa dzina. Koma tchuthi chikatha, galuyu amatsala ndi yani?

Nkhaniyi si ya kuno kokha. Ku Nepal, dziko la mapiri a Himalaya, galu wamkazi wopanda mwini anadziphatika kwa anthu okwera mapiri omwe ankatsogoleredwa ndi Don Wargowsky wa ku Amereka. Anamutcha Mera. Mu Novembala 2018 galuyu anafika nawo pansonga pa phiri la Baruntse, mamita 7,129, kuposa Sapitwa wathu kawiri. Anthu anali ndi zingwe ndi majombo, iye anali ndi mapazi ake okha, ndipo anatsika atachekeka. Ulendo utatha, Kaji Sherpa, yemwe ankayang'anira msasa wa gululo, anamutenga kukamuweta. Ku Ecuador nako, m'chaka cha 2014, Mikael Lindnord wa ku Sweden anapatsa galu kachibulu ka nyama ali pa mpikisano. Galuyo anamutsata m'matope ndi m'mitsinje, ndipo mapeto ake anakwera ndege kupita ku Sweden ndi dzina loti Arthur.

Awiriwa anachita mwayi, n'chifukwa chake nyuzi zinawalemba. Amene amasiyidwa m'mbali mwa msewu galimoto ikamanyamuka salembedwa.

Ine ndinazionera ndekha pa Mulanje. Alamu anga amanyamula katundu wa alendo kumeneko, ndipo nyengo ina yozizira ananditenga pa ulendo wodutsa phiri lonse. Tinali ndi alendo atatu akunja. Tikunyamuka pa Likhubula, kagalu kofiira, nthiti zili pamtunda, kanaima poteropo n'kumagwedeza mchira. Mayi wina mwa alendowo anakaponyera bisiketi.

Alamu anapukusa mutu. "Mwaona alamu? Pamenepa alemba wantchito, koma malipiro sanakambirane."

Zoonadi. Tinakwera mpaka pa nyumba yogona alendo ya Chambe, kagalu kali patsogolo ngati kalondolondo. Tikapuma, kamapuma. Wina akatsalira, kamabwerera kukamuona. Chiperoni chitatseka njira pakati pa Chambe ndi Thuchila, mtima unkakhala pansi tikaona kamchira kofiira kakuyenda patsogolo. Usiku kankadzipinda pakhomo, mphepo ikulasa ngati singano. Mnyamata wina wonyamula katundu anati kagaluka kali ngati andale ena, amene amatsata chipani chomwe mphika wake uli pamoto. Tinaseka, koma ine ndinakana. Wandale amathawa ndiwo zikatha. Kagalu aka tsiku lachitatu ndiwo zinachepa, koma sikanatisiye.

Galu wamkota sakandira pachabe. Galu wotsata alendo amachita malonda ngati inu ndi ine. Katundu wake ndi ubwenzi, mtengo wake ndi chakudya ndi pogona. Vuto n'loti iye amayesa wapeza kasitomala wa tsiku ndi tsiku, pamene mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Tinadutsa Chinzama ndi Sombani n'kutsikira ku Fort Lister, mbali ya Phalombe. Apa ndi kuseri kwa phiri, kutali ndi Likhubula. Galimoto ya alendo inali ikudikira. Anakajambula kagalu komaliza, mayi uja misozi ili m'maso, zitseko phwa, fumbi kobo! Kagalu kanathamangira galimotoyo mpaka kanatopa, kenaka kanabwerera n'kukhala pansi kumatiyang'ana. Kunali kwa eni. Agalu a m'mudzimo anali atayamba kale kuuwa, ndipo galu wachilendo inu mukudziwa chimene amachiona: mano a anzake ndi miyala ya ana.

Alamu sanalankhule zambiri. Anadula chingwe pa katundu wawo n'kukamanga m'khosi. Wa matola anakana kaye, kenaka anati galu alipire ngati munthu. Alamu analipira kuchokera pa ndalama zomwe anazipeza ndi msana wawo masiku anayi. Chithunzi chinapita kunja, ngongole inatsala kwa wonyamula katundu.

Tsono tisangoti chifundo, chifundo. Palinso zoopsa. Galu paphiri amathamangitsa mbira ndi tinyama tina, chonsecho Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaliika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Choopsa kwambiri ndi chiwewe. Bungwe la zaumoyo la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lapansi, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba, kuchira kulibe. Galu akakulumani muli pa Chinzama, chipatala chili ulendo wa maola ambiri wapansi. Choyamba n'kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kutsika msanga kukabayitsa jakisoni, osadikira kuti muone ngati galuyo apenge.

Mankhwala ake enieni ndi katemera wa agalu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Mu 2015 a Mission Rabies anabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre. Amenewo ndiye anakonda galu, osati wa bisiketi.

Ine pempho langa ndi ili. Mukapita kuphiri, kaya ndi a mpingo, kaya ndi gulu lanu la chipereganyu, galu akakutsatani m'munsi mubwezeni pomwepo asanalawe kanthu. Kumeneko si kuuma mtima. Ngati mwamupatsa chakudya n'kukwera naye, dziwani kuti mwatenga katundu pa ngongole. Mubwezeni komwe munamupeza, kapena mutengeni akhale wanu, abayidwe katemera. Ngati zonsezi zakukanikani, siyani ndalama m'manja mwa amene atsale naye.

Ndipo galu wa pansi pa benchi yanu ndi chimodzimodzi. Ngati amadya zanu tsiku ndi tsiku, musamanene kuti alibe mwini. A katemera akafika m'dera lanu, mwini wake ndinu. Kumsika timati wadya balalikani, koma ngongole yokha sitibalalika nayo.