Ulimbo wa ku Likoma

Akuluakulu akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Adzukulu ambiri amaudziwa mwambi umenewu chifukwa adauloweza pokonzekera mayeso a Chichewa, koma ndi ochepa amene adauonapo ukugwira munthu pakhosi. Mkulu wina wa kufupi ndi Lizulu, m'dera la Inkosi ya Makosi Gomani m'boma la Ntcheu, udamugwira m'kanyumba kodyeramo pa chilumba cha Likoma, ndipo mpaka lero akamafotokoza nkhaniyi amayamba wayang'ana pansi.

Mkuluyu adali Mngoni wonyadira Ungoni wake, ndipo pa nkhani ya chakudya adali ndi mfundo ziwiri zimene sankalola kuti munthu azigwedeze. Yoyamba idali yakuti nsima sigulitsidwa. Iye adakula nthawi imene wapaulendo ankapatukira pamudzi uliwonse dzuwa likapendeka, nakhala pabwalo, ndipo madzi osamba m'manja ankabwera asadafunsidwe n'komwe dzina lake. Kudya mu lesitilanti ankakuona ngati chizindikiro cha munthu wopanda abale. Yachiwiri idali yakuti nsima ndi ya ufa woyera wa chimanga basi, ndipo ndiwo zoyenera munthu wamkulu ndi nyama. Apa adali ndi pogwira, pakuti Angoni akale amene adachokera kumwera sankadya nsomba. Chawo chidali ng'ombe, uwende ndi chambiko. Iye mwini usipa wouma wa pamsika wa Kampepuza ankadya ndithu, koma ankauyesa ndiwo za pakati pa mwezi, zosayenera kuikira mlendo.

Ku Likoma sadapite kukaona malo. Mwana wa mlongo wake, amene ankaphunzitsa pa sukulu ina pachilumbapo, adapeza mbeta, ndipo adatumiza mawu kuti malume ake abwere kudzafunsira. Mkuluyo adatenga mng'ono wake, natsika nawo mapiri kudzera ku Golomoti mpaka ku Monkey Bay, kumene adakwera Ilala Lachisanu. Sitimayi idapangidwa ku Scotland mu 1949 ndipo idayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951. Idali nyengo ya mwera, ndipo munthu amene adazolowera kuponda nthaka youma ya kumapiri adatha usiku wonse atagwira chitsulo, m'mimba mukukana chilichonse. Adafika Loweruka. Nthawi imeneyo sitima inkaima patali, anthu n'kumatsikira m'mabwato pamodzi ndi matumba a ufa, malata ndi makireti, kenaka n'kuvuula miyendo m'madzi mpaka kumtunda. Usiku umenewo adamwa tiyi yekha.

Lamlungu m'mawa mnyamata uja adawatengera ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela, chimene amishoni a UMCA adayamba kumanga mu 1903. Mkuluyo adachita nacho kakasi, pakuti sadayembekeze chinyumba chotero pakati pa nyanja. Mapemphero atatha, mnyamatayo adapita kukadziwitsa ankhoswe a kuchikazi kuti alendo afika. Mwambo sulola kuti ofunsira mbeta akadye kuchikazi nkhani isadakambidwe, ndipo m'nyumba ya mbeta yachimuna mudali mpoto umodzi ndi sitovu yopanda mafuta. Njala ya masiku awiri idaswa mfundo yoyamba ija. Abale awiriwo adatsetsereka kupita kumsika wa Mbamba.

Malo odyera amene adalowa adali chipinda chimodzi cha njerwa, chokhala ndi matebulo atatu oyalidwa pulasitiki ndi mabenchi. Pakhomo padali ndowa ya madzi ndi sopo wodula. Asodzi anayi adali mkati akudya mwakachetechete, monga amadyera anthu amene agwira ntchito usiku wonse. Mayi wina wachikulire, wa mpango kumutu, adabwera ndi jagi ndi beseni, nawerama pang'ono.

"Takulandirani, abambo. Lero kuli kondowole, usipa wofutsa, utaka ndi chigwada. Ya chimanga yatha m'mawa."

Mkuluyo kondowole ankangoimva mbiri. Safunsa adadya phula: mmalo mofunsa kadyedwe kake, adatema mbamu yaikulu monga amachitira kwawo. Nsimayo idakana kuduka. Idatamuka kuchokera m'mbale mpaka pachibwano, idamata zala, ndipo ataiponya m'kamwa n'kuyamba kutafuna, idagwira mano ndi m'kamwa monse. Mng'ono wake adaseka. Manyazi a munthu wamkulu amasanduka mkwiyo msanga, choncho adatembenukira kwa mng'ono wakeyo nalankhula mokweza, ndi mawu amene adazolowera kuweruzira milandu pabwalo.

"Kodi iyi ndi nsima kapena ulimbo? Kwathu izi timatchera nazo mbalame. Ndiye mwana wathu azidya zimenezi moyo wake wonse?"

Asodzi aja adasiya kudya. Mayiyo sadasinthe nkhope. Adangoti, "Pepani, abambo. Kuno chimanga sichichita bwino. Mukabweranso ndikusungirani ya chimanga." Mkuluyo adatola usipa pang'ono, nalipira, natuluka, mitanda iwiri ili chikhalire m'mbale.

Adzukulu amene adabadwira ku Ntcheu, kumene kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi wa ku Lizulu zimadzaza malole, ayenera kudziwa chimene mkuluyu adanyoza. Likoma ndi chilumba cha masikweya kilomita pafupifupi 18, cha miyala, mchenga ndi milambe, chozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Nthaka yake imakana chimanga koma imalola chinangwa. Ufa wa chimanga wochuluka umachita kuoloka nyanja, ndipo mtengo wa ulendowo umalowa m'mbale ya wodya. Chinangwa chowawa sichidyedwa chongokumba. Amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke, n'kuchiyanika, n'kuchisinja, n'kusefa. Kuphika kwake nakonso ndi nkhondo: kondowole imalimba msanga ndipo imafuna mkono, kotero kuti siphikidwa mumphika waukulu ngati nsima ya pamaliro. Usipa umene adautola monyinyirika adauvuula usiku ndi khoka la chilimira ndi nyali, pa mafunde omwe aja amene adamugoneka iye m'sitima. Mbale imeneyo idali ndi thukuta la anthu ambiri kuposa mbale ya nkhuku.

Chinanso chimene akadaganizira ndi chiwerengero. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira pang'ono 14,000 m'boma lonse la Likoma, kuphatikizapo chilumba cha Chizumulu. Pamalo otere palibe munthu wopanda mbale wake pakhomo lachitatu.

Lolemba masana adapita kuchikazi. Adawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe a kuchikazi nakhala moyang'anana nawo. Malonje atatha, amayi adatuluka m'nyumba kudzapereka moni mmodzimmodzi, ndipo wachitatu pamzerewo adali mayi wa mpango uja. Adagwada, napereka dzanja. Nkhoswe wamkulu adati, "Awa ndi azakhali ake a mwanayu. Ndiwo adamulera mayi ake atamwalira, ndipo sukulu adamuphunzitsa ndi ndalama za kumsika." Mng'ono wake wa mkuluyo amanena kuti sadaonepo mkulu wake akutuluka thukuta m'nyengo yozizira kufikira tsiku limenelo.

Mayiyo sadanene kanthu. Nkhani idayenda monga mwa mwambo, koma itafika pomanga, nkhoswe wa kuchikazi adati ayambe amva maganizo a azakhali, ndipo yankho lidzaperekedwa mawa. Mnyamata uja adadabwa, chifukwa ankadziwa kuti zonse zidali zitapsa kale. Pobwerera adafunsa kuti, "Malume, kodi chachitika n'chiyani?" Malumewo adangoti nyanja yawatopetsa.

Asadanyamuke adawapatsa chakudya, pakuti mlendo ndi mame, ndipo ngakhale nkhani isadathe sangabwerere ndi njala pamene wakhala kale pamphasa. Idali nsima ya ufa woyera ndi nkhuku. Amene adaibweretsa adali mayi yemwe uja, ndipo poika mbale pansi adanena motsitsa, kuti amve mkuluyo yekha: "Ndidalonjeza kuti ndikusungirani ya chimanga." Nsima imeneyo idali yophikidwa bwino, koma idatsika movutirapo kuposa ya dzulo lake.

Munthu wina akadatuma mng'ono wake kukapepesa, kapena akadakulunga ndalama m'kapepala. Mkuluyu, ndipo apa ayenera kuyamikiridwa, adadzuka Lachiwiri m'mamawa napita yekha ku Mbamba. Adapeza mayiyo akukoleza moto kuseri. Adavula chipewa, nakhala pa mwala, osati pa benchi.

"Mayi, ndabwera ndi mlandu wanga. Pakamwa panga padathamanga. Ndidanyoza chakudya chimene chidalera mwana amene ndabwera kudzapempha."

"Za ulimbo sizidandipweteke, abambo," adayankha mayiyo. "Alendo ambiri amanena zoposa pamenepo. Chidandipweteka n'chakuti mudati mwana wanu azidya zimenezi moyo wake wonse. Ndiye ndidadzifunsa kuti wangayu akakafika kwanu kumapiri, n'kulephera kuphika monga mumaphikira inu, mudzamunena chiyani pamaso pa anthu?"

Funso limeneli lidalibe mwambi woliyankha. Mkuluyo adalonjeza m'mawu wamba kuti mwanayo akadzalakwitsa adzamulangizira m'nyumba, ndipo aliyense womuseka adzayamba wakumana ndi iye. Kenaka adapempha kuti amuphikire kondowole ndi kumuphunzitsa kudya kwake.

Kadyedwe kake n'kosavuta munthu akafunsa. Umanyowetsa zala, n'kutema kambamu kakang'ono, n'kukadula ndi chala chachikulu mmalo mokoka. Umakaviika mumsuzi, ndipo sumalimbana nako ndi mano, umangomeza. Imadyedwa ikadali yotentha. Ndi utaka wa tsiku lomwelo, wophikidwa ndi tomato ndi mchere basi, ndi chigwada chosinja bwino, mkuluyo adamaliza mitanda iwiri napempha wachitatu. Adazindikiranso chifukwa chake asodzi amaikonda: imakhala m'mimba mpaka madzulo.

Akudya, mmodzi wa asodzi a Lamlungu aja, nkhalamba ya imvi, adakhala naye pafupi namufunsa kwawo. Atamva kuti ndi Mngoni wa kwa Gomani, adaseka nati, "Ndiye ndinu amene mudatithamangitsira pamiyala pano, lero mukudabwa kuti tikudya chinangwa!" Adanena mwachipongwe cha anthu akuluakulu, koma mudali mbiri yoona. Angoni a Maseko, motsogozedwa ndi Mputa, adadutsa kuvuma kwa nyanja mpaka ku Songea asadabwerere kudzakhazikika ku Domwe ndi ku Ntcheu. Angoni ena amene adatsala ku Songea, otchedwa Magwangwara, adapitiriza kuthira nkhondo midzi ya Anyanja m'mbali mwa nyanjayo, ndipo ambiri adathawira pazilumba. Amishoni a William Percival Johnson ndi Chauncy Maples atakhazikitsa malo awo pa Likoma m'ma 1880, adapeza anthu amene madzi adali linga lawo. Mkuluyo mbiri ya Maseko ankaidziwa bwino, koma nthawi zonse ankaimva kuchokera kwa ogwira nthungo. Kuimva kuchokera kwa othawa, uku akudya nsima yawo, kudamukhazika chete.

Atasamba m'manja adafunsa chiwongo cha mayiyo, chifukwa kwawo munthu sathokoza chakudya ndi zikomo wouma. Amatchula mfunda wa wophika, monga amanenera kuti Nangozo kapena Namaseko. Mayiyo adamuuza, ndipo iye adathokoza nacho akuomba m'manja, asodzi akuonerera. Potulutsa ndalama padabuka kamkangano. Mayiyo adakana, nati apongozi salipira. Mkuluyo, yemwe uja ankati nsima sigulitsidwa, adaumirira kulipira, nati ndalama za mbale zoterezi ndizo zidaphunzitsa mtengwa wake, ndipo iye sangakhale woyamba kubowola thumba limenelo. Adagwirizana kuti alipire mitanda iwiri. Wachitatu udali wa chibale.

Madzulo a tsiku lomwelo yankho lidabwera, ndipo lidali lovomera. Masiku amene adatsala akudikira sitima yobwerera kumwera, abale awiriwo adadya m'malo odyera ena awiri a pachilumbapo. Kwina adadya mpunga ndi kampango, kwina tiyi ndi mandasi m'mawa. Sikonse kudali kokoma. Pena adapeza nsomba yogonera ndi msuzi wamadzimadzi, ndipo mng'ono wake adayembekezera kumva chiweruzo. Mkuluyo adadya, nalipira, nathokoza, ndipo maganizo ake adawanena ali m'sitima, chilumba chitabisika.

Adafika ku Lizulu ndi kathumba ka ufa wa kondowole ndi usipa wouma, mphatso za azakhali aja. Kathumbako kadakhala pa alumali mpaka Khirisimasi, pamene mnyamata uja adabwera ndi mkazi wake kudzaonekera. Mayi a pakhomopo adati amuchitire ulemu mtengwa pomuphikira nsima ya kwawo. Adatereka mphika wa nsima ya anthu khumi, nathira ufa wonse nthawi imodzi, ndipo posakhalitsa mthiko udathyoka. Adatuluka m'khitchini atagwira chidutswa chake, akupukuta thukuta, nafuula kwa mwamuna wawo kuti, "Inu, mwatibweretsera nsima kapena ulimbo?" Mkuluyo adadzambatuka pampando ngati walumidwa ndi linthumbu, naloza kuseri kwa nkhokwe kumene mtengwa ankatsuka mbale. Koma mtengwayo adali atamva kale. Adabwera akuseka, napempha kamphika kakang'ono ndi mthiko wina.