Nyali zoyang'ana kumwamba

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya nyali za galimoto. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka kuti mayi wogulitsa zitenje ndi kaunjika angadziwe chiyani za mababu ndi mawaya. Sekani, palibe mlandu. Koma ife a misika ya kabwandire timayenda usiku kuposa anthu ambiri okhala ndi malayisensi. Dalaivala maso ake amakhala pamsewu. Ife amene timakhala pamwamba pa mabelo timaona nkhope za anthu amene tikukumana nawo.

Kwathu ndi ku Kasiya, pamsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Santhe, komwe masiku ano mukumva za miyala ya rutile. Koma misika yathu siili pa tala yokha ayi. Kuti ukayale msanga ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma umadulira njira za m'midzi: dzinja matope, chilimwe fumbi, ndi timilatho toti galimoto imodzi yokha. Timanyamuka 3 koloko m'bandakucha, timabwerera dzuwa litalowa.

Galimoto imene timakwera ndi Hilux yakale ya alamu anga, ija yokoka ndi matayala onse anayi. Mphamvu ili nazo, koma maso inalibe. Magalasi a nyali anali atachita chikasu ngati mano a munthu wosuta chingambwe, mkati muli mababu akale aja a H4, a mawatsi 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. Usiku wina mu February tinalowa m'dzenje limene mvula inakumba, belo la mnzanga linagwera m'madzi a matope, mpamba wake wonse umenewo. Tinakhala pansi amalonda asanu ndi mmodzi pamodzi ndi alamu, n'kusonkha. M'tauni anakagula mababu awiri a LED ndi chinyali chachitali chija chomangirira pamwamba pa kabini. Mnyamata wina wokonza njinga zamoto anaziika masana amodzi.

Usiku woyamba tinaomba m'manja. Kunayera mbee, mpaka nsonga za mitengo ya bulugama zikuoneka, akadzidzi akuthawa. Alamu ankangoti, "Mwaona? Ili nde dzuwa!"

Koma ine ndinali pamwamba, ndipo zimene ndinkaona zinali zina. Aliyense wokumana nafe ankatchinga nkhope ndi mkono. Akabaza ankaima n'kutsitsa mwendo, ena n'kutitukwana tikamadutsa. Ng'ombe za pangolo zinkangoti chilili pakati pa njira, mnyamata akukwapula koma osasuntha. Tikafika pa tala magalimoto onse ankatiphethirira kuti tizimitse fulu, chonsecho alamu ali pa dimu. Kenaka m'mawa wina, pafupi ndi kamlatho, bambo wina wachikulire amene ananyamula matumba awiri a makala panjinga anathobwedwa m'maso, n'kuphonya m'mphepete. Anagwera m'ngalande, njinga pamwamba pake. Tinatsika tonse kukawadzutsa. Anasupuka bondo ndi chigongono, thumba limodzi litang'ambika, makala ali mbwee m'madzi. Sanakalipe. Anangoti, "Ana inu, nanga munthu ayende bwanji mutamutsekera maso?" Tinawagulira makala onyowawo, koma ulendo wonse palibe anayankhula.

Chodabwitsa china n'chakuti maenje tinkawagundabe. Mitengo ikuoneka bwinobwino, koma pansi chapatsogolo pali mdima. Mvula itatha, tikatsatira lole m'fumbi, chinyali cha pamwamba chija chinkangowalitsa fumbilo n'kukhala ngati chinsalu choyera chakutidwa pagalasi.

Amene anatithandiza ndi madala ena amene anagwira umakaniko ku Lilongwe zaka zambiri, pano anabwerera kumudzi. Sanatsegule n'komwe boneti poyamba. Anati tibwere madzulo kuseri kwa chigayo, pamene pali khoma lalitali ndi bwalo losalala, ndipo tibwere ndi choko ndi tepi yoyezera. Tepi nde inali yanga, yomwe ndimayezera nsalu. Ndi mmene ndinalowera m'nkhaniyi.

Anayamba ndi kupopetsa matayala kuti mpweya ufanane. Kenaka galimoto inasendera mpaka pakhoma, iwo n'kulemba mtanda moyang'anizana ndi pakatikati pa nyali iliyonse. Ndinayeza kuchokera pansi, panali masentimita 90. Alamu anabwerera m'mbuyo molunjika, ine ndikukwawa ndi katepi kanga ka mita imodzi ndi theka, kulemba pansi, kuyezanso, mpaka mamita 10. Madala aja analemba mzere wina masentimita 10 m'munsi mwa mitanda ija. Anati dimu yabwino imakhala ndi malire, kumunsi kowala kumwamba mdima, ndipo malirewo ayenera kugona pamzere wam'munsiwo. Pa mamita 10 alionse kuwala kuzitsika masentimita 10. Anationetsa pamene fakitale inadinda 1.0% papulasitiki ya nyali, kachilembo kamene alamu anakhala nako zaka zonsezi osakaona. Masamu ake ndi a ku pulayimale: nyali ili masentimita 90 kuchokera pansi, ikamatsika chonchi kuwala kwake kumakagunda pansi pa mamita 90, ndipo panjira yonseyo sikufika m'maso mwa munthu woimirira kapena wokwera njinga.

Alamu atayatsa, tonse tinangoti kukamwa yasa. Malire panalibe. Kuwala kunali balalabalala khoma lonse mpaka kumalata, nyali ya kumanja ikuloza kumtengo wa mango wa kuseri.

Madala anatulutsa babu limodzi n'kutionetsa. M'babu lakale muli kawaya kakang'ono kamene kamayaka, ndipo mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa nyali anaiumba kuti izitola kuwala kochokera pamalo a kawayako basi. Babu la LED lili ndi timaso tating'ono m'mbali ziwiri. Timasoto tikapanda kukhala ndendende pamene pankakhala kawaya, kapena babu likalowa mopendekera, mbaleyo imamwaza kuwala paliponse. Athuwa mnyamata uja anawakankhira mmene analowera, lina timaso tikuyang'ana kumwamba ndi pansi. Anawatembenuza kuti timaso tiyang'ane kumanzere ndi kumanja, malire n'kuonekako, ngakhale sanali akuthwa ngati a babu lakale. Iwo sanabise, anati mababu amenewa sanapangidwire mbale zimenezi, ndipo akanafunsidwa poyamba akanati tingotsuka magalasi n'kugula a H4 atsopano. Magalasiwo anawakwecha ndithu ndi sandipepa wosalala ndi polishi mpaka chikasu chinachoka.

Anatiuzanso chinthu chimene ndikufuna amene muli ndi magalimoto muchimve. Kuno timayenda kumanzere, ngati ku Zambia, Mozambique, Tanzania ndi Japan komwe kumachokera magalimoto athu ambiri. Dimu ya kuno malire ake amakwera pang'ono mbali ya kumanzere, kuti uone woyenda pansi m'mphepete, ndipo amakhala otsika kumanja komwe kukubwera mnzako. Ku China ndi ku America amayenda kumanja. Ukagula nyali yathunthu yopangira misewu ya kumeneko, mbali yokwerayo imalunjika m'maso mwa amene ukukumana naye, ndipo olo upotokole zomangira usiku wonse siingasinthe. Muzifunsa musanapereke ndalama.

Atayamba kupotokola tizomangira ta kuseri kwa nyali, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kopititsa m'mbali, anaphimba nyali imodzi ndi chitenje changa kuti aziona imodziimodzi. Apa nde ndinafunsa: "Bambo, nanga poti galimotoyi ili yopanda kanthu? Ife siyenda chonchi." Anaimitsa sikuludiraiva, n'kundiyang'ana, n'kuseka. "Mayi, itanani anzanu."

Tinakweza mabelo onse, matumba a nyemba a mnzathu wina, matebulo, ife n'kukwera pamwamba monga mwa masiku onse. Malire aja, amene anali atagona bwino pamzere, anakwera kupitirira mitanda mpaka kufika pamwamba pa mutu wa madala. Kuchokera ku matayala akutsogolo kufika akumbuyo pali pafupifupi mamita 3. Nde kumbuyo kukangotsika masentimita 3 okha, kutalika kwa kachidutswa ka choko, kutsika konse kuja kwatha, nyali yayamba kuyang'ana molunjika. Tsono Hilux ya alamu ikasenza ife imakhala pansi ngati bakha. Magalimoto ena ali ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa 0, 1, 2, 3, kotsitsira nyali ukanyamula katundu. Ambiri amaganiza kuti n'kokongoletsa. Yathuyi ilibe, choncho anaichuna ili yodzaza, poti usiku siyenda yopanda katundu.

Chinyali cha pamwamba nacho chinali ndi mlandu wake. Mnyamata uja anangochilumikiza ku waya wa nyali zina, popanda fyuzi, moti chinkayaka nthawi zonse. Pabokosi pake analemba mawatsi 120, ndipo pa batire ya mavoti 12 amenewo ndi maampu 10, katundu woti kawaya kowonda kangathe kutentha naye n'kuyatsa galimoto. Anachikokera waya wake wokhuthala kuchokera ku batire, fyuzi pafupi ndi batirepo, relay, ndi switchi yakeyake. Anachiweramitsanso pang'ono. Lamulo lawo linali lalifupi: m'tchire mopanda munthu yatsani, mukaona kanyali kalikonse, olo ka foni, zimitsani, ndipo m'fumbi kapena m'chifunga musachikhudze.

Malipiro anakana ndalama, anasankha zitenje ziwiri za mayi a kunyumba.

Alamu mpaka lero amadandaula kuti tinawalanda dzuwa lawo. Maenje akuwaona tsopano, zimenezo savomera pagulu. Vuto latsala ndi switchi ija, chifukwa dzanja lawo limachedwa kuzimitsa. Nde tinagwirizana kuti amene wakhala kutsogolo kwa mabelo, akaona njinga kapena ngolo patali, azimenya denga la kabini kawiri. Denga lachita kale chibowo pamene timamenyapo.

Mizere ya choko ija ikadali pakhoma la chigayo, wina anaidutsitsa ndi penti kuti mvula isafufute. Anyamata a kabaza atatu anayi abwerapo kudzayeza nyali zawo, ndipo tepi amabwereka yanga. Ena onse akuti nyali yoweramira pansi ndi ya nkhalamba. Loweruka lapitali tikuchokera ku Namitete pa M12 tinakumana ndi lole yolowera ku Mchinji ili ndi zinyali zinayi pamwamba, zonse zoyaka. Alamu anaphethira kawiri, iyo osazimitsa. Anapatukira kumbali n'kuima, tinadikira kaye mpaka maso atabwerera.