Kavalo Wokalamba Akagwa Mwadzidzidzi

Pa famu ina ku Chisamba panali mkulu wosunga akavalo amene anavutika mtima ndi kavalo wace wokalamba. Kavaloyo amaima phee m'khola, mutu n'kumatsika pang'onopang'ono, maondo n'kupindika, mpaka kugwa camphumi. Posakhalitsa amadzuka ngati palibe cacitika. Anzace ena anati ndi ufiti, ena nati ndi ulesi wofuna cikoti.

Kawirikawiri gwero la vutoli ndi tulo. Kavalo amaodzera ali ciimire, koma tulo tofa nato timafuna kuti agone pansi, ngakhale mphindi 30 zokha pa tsiku. Wokalamba wodwala nyamakazi amaopa kugona, podziwa kuti kudzuka kudzam'vuta. Pakapita masiku ambiri, tulo timam'gwetsa, ndipo zilonda zosapola kutsogolo kwa miyendo ndizo mboni. Akagwa ali pa nchito, mwina mtima ndiwo wafooka.

Ciweto cimene catumikira zaka zambiri ciyenera khola louma ndi lotakata, udzu wofewa pogona, ndi kupimidwa ndi dokotala wa ziweto. Ana asacikwere, pakuti cikagwa cingawaphwanye. Bulu wokalamba wa kumudzi afunanso cifundo comweci.