Mzamba ndi Amayi Amene Akusiya Kusamba

Mzamba amadziwika ndi ntchito yothandiza amayi kuchira, koma pa chipatala cha St Francis ku Katete m'dziko la Zambia, chimene chinakhazikitsidwa mu 1948 ndipo chimaphunzitsanso anamwino ndi azamba, ngakhalenso pa chipatala cha Nyanje ku Sinda ndi m'zipatala zazing'ono za ku Vubwi, amalandiranso amayi amene kubereka kwawo kukutha. Mayi wotere sabwera n'kunena kuti akusiya kusamba, chifukwa zakumwezi sizitchulidwa wamba. Amangodandaula kuti thupi likutentha, thukuta likunyowetsa zofunda usiku, tulo tikusowa ndipo mtima ukuthamanga. Ambiri amayesa ndi malungo, ndipo magazi akapezeka opanda tizilombo, m'pamene mzamba wozindikira amafunsa zaka za mayiyo ndi mwezi umene anasamba komaliza.

Kusiya kusamba kumafika kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, pamene tiziwalo totulutsa mazira tachepetsa esitirojeni, homoni imene imayendetsa msambo, kulimbitsa mafupa ndi kusunga chinyezi m'njira ya abambo. Kumatsimikizika mayi akatha miyezi 12 osaona msambo, koma nyengo yotsogolera, imene msambo umadumphadumpha, imatha kutenga zaka zingapo, ndipo mayi amatha kutenga pathupi ndithu m'nyengoyi. N'chifukwa chake mzamba salola mayi kusiya kulera msanga, ndipo amasamala kwambiri ndi amene amabayitsa jakisoni wa Depo-Provera, popeza mankhwalawa amaimitsa msambo paokha n'kubisa chimene chikuchitika.

Mwambo wa Achewa umamukweza mayi wosiya kusamba. Lamulo la mdulo loletsa mkazi amene ali kumwezi kuthira mchere m'ndiwo silimukhudzanso, ndipo anamkungwi olangiza atsikana kuchinamwali amasankhidwa kawirikawiri mwa amayi aakulu otere. Chovuta n'chakuti amene analangizidwa mokwanira potha msinkhu salangizidwa ndi wina aliyense pamene msambo ukutha, choncho kuuma kwa kumaliseche ndi ululu wa pogonana amazipirira mwakachetechete, mwamuna n'kumayesa kuti akukanizidwa dala. Apa mzamba amalankhula ngati mlangizi, ndipo mayiyo akavomera, amaitananso bambo wa kunyumba kuti amve yekha. Malangizo ake olimbitsa mafupa ndi achidule: kapenta wodyera limodzi ndi minga yake, bonongwe, chibwabwa ndi ntchito yoyendetsa thupi.

Luso lenileni lili pa kusiyanitsa zachibadwa ndi zoopsa. Magazi otuluka chaka chitadutsa chisiyire kusamba si msambo wobwerera, monga ena amanenera, koma akhoza kukhala chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero kapena ya chiberekero chenichenicho. Zambia inayamba mu 2006 kuyeza khomo la chiberekero popakapo viniga, koma mwa mayi wosiya kusamba malo oyenera kuonedwa amalowa m'kati, kotero kuti mzamba sadalira viniga yekha ndipo amamutumiza mayiyo kwa dokotala mosachedwa, makamaka ngati ali ndi kachilombo ka HIV.