Bwato la pa Bua: Musanaitane Mmisiri

Alimi anzanga a kuno ku Chisepo, makamaka inu okhala kufupi ndi mtsinje wa Bua, mvula ikayandikira ndimalandira mafunso a mbewu ndi feteleza, koma chaka chino midzi iwiri yandifunsa za bwato. Akuti madzi akadzaza, munthu wofuna kuwoloka kupita tsidya la Kasungu kukaona odwala kapena kukagula mbuzi amazungulira mtunda wautali, ndipo afuna kusonkha ndalama kuti asemetse bwato lawolawo. Ine ndine mlangizi wa zaulimi, koma bwato limayambira pa mtengo, ndipo mtengowo uli m'munda mwa munthu kapena m'mbali mwa mtsinje. Pamenepo mpamene ntchito yanga ikulowerapo.

Poyamba tinene za mtengo. Mmisiri wofuna kutsiriza msanga adzakulozerani nsangu, pakuti ndi wofewa ndipo kasemasema amalowa mosavuta. Musavomere. Bwato la nsangu silichedwa kuwola, ndiponso inu nomwe mudziwa chimene nsangu umachita m'munda: umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ili yobiriwira, motero chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa pamodzi. Kudula nsangu waukulu ndiko kutaya chonde cha zaka zambiri chifukwa cha bwato la nyengo zowerengeka. Mbawa ndiwo umapirira madzi, koma mbawa waukulu wokwanira bwato watha m'malo ambiri, ndipo umene watsala ndiwo ukugwira gombe kuti lisagumuke. Kumbukiraninso kuti lamulo la nkhalango la 1997 sililola munthu kungodula mitengo yotere. Pitani kwa a mfumu, kenaka kwa alangizi a zankhalango, mupemphe chilolezo. Ngati pali mtengo umene unagwa ndi mphepo ndipo mtima wake uli wabwino, yambani kupempha umenewo.

Tsono mmisiri. Kuno ku mapiri osema mitondo ndi mipini alipo ambiri, koma bwato si mtondo wautali. Funani munthu amene mabwato ake ali pamadzi, monga amisiri a ku Nkhotakota ndi ku Salima, ndipo tumani mmodzi wa inu akaone ntchito yake ndi maso. Malipiro mupangane pamaso pa a mfumu ntchito isanayambe: ndalama zingati, adzadya kwa yani, nanga mtengo ukapezeka ndi mphako m'kati, mlandu ngwa yani. Ichi chotsiriza anthu amachiiwala, ndiye chimene chimadanitsa. Musapereke zonse pachiyambi.

Pamene akusema, muzipitako. Pansi pa bwato payenera kukhala pochindikala kuposa m'mbali, kuti kulemera kukhale pansi ndipo lisamapendekeke. Mmisiri wodziwa amagogoda ndi kumvera kulira kwa mtengo, osangoyang'ana. Akapepula mbali imodzi koposa inzake, bwatolo lidzayenda mopendama masiku ake onse, ndipo palibe mankhwala ake. Muuzeninso ntchito imene mulifunira. Bwato la msodzi mmodzi ndi lina, la kuwolotsa amai a ana kumbuyo ndi matumba a chimanga ndi linanso.

Ena a inu mudzadabwa kumva kuti alipo anthu amene pamadzi ndipo pakwao. Ku nyanja ya Chilwa, m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, asodzi amamanga timisasa toyandama pa mabango totchedwa zimbowera, ndipo amagona momwemo masabata ambiri, kuphika momwemo, osaponda pamtunda. Koma madzi amene amamwa ndi omwewo amene amatayamo zonyansa, nchifukwa chake kolera amavuta kumeneko. Nyanjayo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, mabwato nkutsala pamatope. Ku England nako kuli mabwato aatali a m'ngalande zokumbidwa ndi anthu. M'lifupi mwake sapitirira mapazi 7, chifukwa zipata zokwezera ndi kutsitsira madzi nzopapatiza. Kale ankakokedwa ndi akavalo atasenza malasha, banja lonse likugona m'kachipinda ka kumbuyo. Lero anthu amapangitsa achitsulo, nauza mmisiri pamene afuna bedi ndi pamene afuna mbaula. Ine chimene ndimaonapo nchakuti iwo amayeza bwato ndi madzi amene lidzayendamo. Inunso yezani lanu ndi Bua wa mwezi wa February, osati Bua wa October amene mwana amawoloka madzi akulekeza m'mawondo.

Bwato likalowa m'madzi, mugwirizane tsiku lomwelo chiwerengero cha anthu okwera ulendo umodzi, ndipo a mfumu achilengeze. Mu 2023 pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji, umene umathira mu Bua yemweyu, bwato lodzaza ndi anthu opita ku maliro linagubuduzika ndipo anthu anamira. Pa maliro ndi pa tsiku la msika mpamene wopalasa amachita manyazi kukaniza akuluakulu, choncho sankhani munthu wokhwima maganizo wodziwa kusambira, osati mnyamata wongofuna ndalama. Onse akhale pansi, njinga iwoloke payokha. M'bwato musasowe nkhafi yachiwiri ndi chokapira madzi. Dzuwa likalowa pasakhale kuwoloka, pakuti ng'ona zilimo mu Bua.

M'chilimwe musalisiye pamchenga padzuwa, limang'aluka. Likokereni pamthunzi kapena lisiyeni m'madzi, ndipo ming'alu yaing'ono muimate ndi phula isanakule. Pamalo pamene mwadula mtengo dzalani mbande za mbawa mvula ikakhazikika, zosachepera khumi, ndipo muzitchingire ndi minga chifukwa cha mbuzi.