Chidyerano cha ku Sakubva

Munthu wochokera ku Blantyre amene afuna kufika ku Mutare pa msewu amatulukira pa chipata cha Mwanza, nawoloka Zambezi pa Tete, kenaka pa Changara n'kukhotera kummwera mpaka kukakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Beira. Dziko la Tete ndi lotentha, la milambe ndi miyala. Koma mukamayandikira Machipanda mapiri amayamba kutukuka, mphepo n'kuzizira. Mukangodutsa chipata cha Forbes, mzinda wa Mutare uli pomwepo, m'chigwa chozingidwa ndi mapiri.

Njanji ndiyo idaika mzindawu pamene uli. Atsamunda adayamba amanga kuseri kwa phiri, pamene lero akuti Old Mutare, koma m'chaka cha 1896 adasamuka pofuna kutsata njanji yochokera ku doko la Beira, imene idafika mu 1898. Dzina la Umtali lidasinthidwa kukhala Mutare mu 1982. Njanjiyo, pamodzi ndi migodi ya golide ya ku Penhalonga ndi minda ya azungu, ndi zimene zidakoka makolo athu ochokera ku Nyasaland ndi ku Tete. Ena adapita wapansi, ena pa magalimoto a Ulere. Ambiri sadabwerere, ndipo kumudzi tidawatcha matchona. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amawerenga Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Ine ndidafika m'mwezi wa Ogasiti 2024 pa ntchito ya bungwe lathu. Chidali chaka cha ng'amba. Boma la Malawi lidali litalengeza za tsoka la njala m'mwezi wa Malichi, ndipo la Zimbabwe lidachita chimodzimodzi mu Epulo. Msonkhano utatha, mayi wina wogwira ntchito za umoyo m'dera la Sakubva adamva ndikuyankhula Chichewa pa foni. Adandiyandikira nati, “Achimwene, kodi ndinu a kumudzi? Loweruka tili ndi chidyerano cha gulu lathu la maliro. Agogo akakondwa kukuonani.”

Ndidafunsa choti ndikatenge. Iwo adangoti, “Mukabwere ndi mimba yanu.” Mawuwa sindidawakhulupirire. Kwathu adatiphunzitsa kuti munthu salowa pakhomo pa eni ake chimanjamanja.

Sakubva ndi komboni yakale kwambiri mu Mutare, ndipo msika wake ndi umene umadyetsa mzinda wonse. Loweruka m'mawa ndidauzungulira. Ndidaona nthochi za ku Honde, koko amene eni dziko amati madhumbe, mpiru umene amati tsunga, nzama, mtedza ndi milu ya matemba. Zonsezi ndidazilambalala poganiza kuti munthu wa pa ntchito ayenera kuoneka. Ndidalowa m'sitolo n'kugula nkhuku ziwiri zootcha kale ndi mabotolo a zakumwa, ndipo ndidafika nazo pakhomo paja m'majumbo owala, n'kuziika pa tebulo pamaso pa anthu onse.

Palibe adandidzudzula. Anthu adaomba m'manja nathokoza. Koma mayi adandiitana aja adanyamula majumbowo msangamsanga kupita nawo kuseri kwa nyumba, ndipo ndidaona amayi awiri amene adali kulowa kumene akubisa timbale tawo m'zitenje.

Pambuyo pake agogo amene amatsogolera gululo adandiitana kuti ndikhale nawo pa mphasa. Adabadwira ku Penhalonga, bambo awo adali a ku Ntcheu, ndipo iwo ku Malawi sadapondeko. Chichewa chawo chidali chosakanizika ndi Chishona, koma miyambi idali yathu yomwe.

“Mwanangu, mwachita bwino, zikomo,” adatero. “Koma pano chakudya chimalowera kuseri.”

Kenaka adandifotokozera mwambo wa gululo. Magulu otere adayambitsidwa ndi anthu obwera amene adalibe mudzi kapena abale oti adzawaike akamwalira, choncho ankasonkha ndalama za bokosi ndi chakudya cha pamaliro. Chidyerano amachita kuti asamangokumana polira pokha. Lamulo loyamba ndi lakuti aliyense amakapereka chimene watenga kwa amayi a kukhitchini, osati pabwalo. Amayiwo amasakaniza: nyemba za makomo anayi zimalowa mumphika umodzi, ndiwo zamasamba mumphika wina. Pofika nthawi ya kudya palibe angaloze kuti ichi n'cha uje. Wobwera ndi nkhuku ndi wobwera ndi kambale ka chigwada amadya mofanana, ndipo palibe achita manyazi.

Lachiwiri, munthu amafunsiratu kwa mayi woyang'anira kuti chikusowa n'chiyani. Agogo adaseka pokumbuka chaka china pamene aliyense adabwera ndi kabichi, ufa osaoneka. Kuyambira pamenepo amagawana: makomo ena ufa, ena ndiwo, ena mchere, mafuta ndi tomato. Amayeza ndi maso kuti chimene munthu watenga chikwanire banja lake ndi pakamwa pena pamodzi kapena pawiri, chifukwa pamenepo ndi pamene mlendo ndi mwana wamasiye amadyera.

Lachitatu ndi la amene alibe. Iwowa amabwera ndi nkhuni, ndowa ya madzi, mphasa, kapena manja awo otakasira nsima ndi kutsuka mbale. Zimenezi zimawerengedwa ngati mbale yathunthu. Ndipo pali anthu atatu amene saloledwa n'komwe kutenga kanthu: wofedwa kumene, wodwazika matenda, ndi mlendo wofika koyamba. “Inu ndinu mame,” adatero agogo. “Mlendo amabwera ndi nkhani za kumene achokera. Nkhuku mudzabwere nayo ulendo wachiwiri.”

Ndidafunsa chifukwa chake amalimbikira chotere pa nkhani yobisa. Agogo adakhala chete pang'ono, kenaka adanena za chaka cha 2008, pamene ndalama ya Zimbabwe idasanduka mapepala ndipo m'masitolo mudalibe kanthu. Anthu ambiri a ku Sakubva adali asadachire pa kugwetseredwa nyumba ndi misika kwa mu 2005. Nthawi imeneyo gululo lidali ndi kaundula momwe mlembi ankalemba chimene aliyense wabweretsa, n'kuwerenga mokweza. Mayi wina wamasiye adaleka kubwera. Anthu ankayesa kuti wanyada kapena walowa mpingo wina. Atapita kukamuona adapeza kuti iye ndi ana ake agona masiku awiri ndi madzi okha, ndipo chimene chidamuletsa kubwera kumene kudali chakudya chidali kuopa kumva dzina lake likuwerengedwa popanda kanthu pambali pake. Kaundula wa chakudya adathera pomwepo. Wa ndalama za maliro alipo, pakuti ndalama zimafuna umboni, koma mbale salemba.

Tsiku limenelo tidalipo anthu ngati makumi anayi. Tisadadye, mnyamata wina adazungulira ndi jagi ndi sopo, kuthira madzi m'manja mwa aliyense, beseni lili pansi lolandira madzi akuda. Kusambira m'beseni limodzi adakusiya chifukwa cha kolera, amene adavuta kwambiri m'chigawo cha Manicaland mu 2023 ndi 2024. Pa chifukwa chomwecho amakonda kuti anthu abweretse zosaphika kuti ziphikidwe pamalopo ndi kudyedwa zamoto. Mpunga kapena nyama yophikidwa dzulo n'kuyenda nayo padzuwa saifuna. Nyama ya nkhumba sifika pakhomopo, popeza ena m'gululo ndi Asilamu, zidzukulu za Ayao a ku Mangochi ndi ku Machinga, ndipo mbuzi ikapezeka amazinga ndi mmodzi wa iwo kuti onse adye ndi mtima umodzi.

Nsima, imene kuno amati sadza, idali yoyera ndi yolimba. Padali nyemba, matemba, mpiru wotendera, mpunga wothira chiponde monga amaphikira Ashona, ndi mutakura, chimanga chowiritsa pamodzi ndi nzama ndi mtedza. Nkhuku zanga zija zidadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono n'kulowa mumphika wa msuzi, mwakuti ngakhale ine sindidazizindikire. Zakumwa adapatsa ana. Bambo wina wa Chimanyika, amene adakwatira m'gululo, adandiuza mwambi wa kwawo wakuti “ukama igasva, hunozadziswa nekudya,” kutanthauza kuti chibale pachokha n'chosakwanira, chimadzaza ndi chakudya. Ine ndidamubwezera wathu, wakuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Tisadabalalike, amayi adayamba apatula mbale zitatu za odwala amene sadathe kufika, ndipo atsikana adazipereka kumakomo kwawo. Zotsala zidagawidwa m'mbale zimene anthu adabwera nazo, chifukwa mbale sibwerera yopanda kanthu. Ndidaona kuti mayi woyang'anira ankadzazitsa mbale zina kuposa zinzake, mosaonetsera. Amadziwa khomo lililonse.

Pobwerera ndidaganizira za misonkhano imene ife ogwira ntchito za chitukuko timaitanitsa. Thandizo likachepa timauza makalabu a alimi ndi magulu a banki m'khonde kuti aliyense abwere ndi chakudya chake, ndipo timati kumeneko n'kudzidalira. N'zoona. Koma kawirikawiri sitifunsa kuti ndani wasiya kubwera chiyambire lamulolo. Amene amatsala ndi yemwe uja tidati tikufuna kumufikira: mayi wamasiye, gogo wolera zidzukulu, mlimi amene m'munda mwake mudapsa. Sanena kuti alibe. Amati kunyumba kuli zochita.

Nzeru yosonkhera pamodzi si yachilendo m'chigawo chino. Ashona ali ndi nhimbe, yofanana ndi dima wathu, ndiponso Zunde raMambo, munda ndi nkhokwe ya mfumu yodyetsa osowa, imene idatsitsimutsidwa ku Makoni, m'chigawo chomwechi, m'zaka za m'ma 1990. Kwathu nako makomo oyandikana ankatulutsa nsima zawo n'kudyera pamodzi, amuna pabwalo, amayi kuseri, ndipo mwana wa mayi amene sadaphike tsiku limenelo sankagona ndi njala. Chimene a ku Sakubva adaonjezera n'chimene umoyo wa m'tauni umafuna: munthu mmodzi wodalirika wolandira zopereka kuseri, kugawiratu zoti anthu atenge, ndi kuwerengera ntchito ya manja ngati chopereka. Komiti iliyonse ya m'mudzi ingathe kuchita zimenezi popanda kuononga tambala.

Agogo adandiperekeza mpaka pa mpanda. Dzuwa lidali litapendeka kumbali ya Christmas Pass, ndipo mapiri a Vumba adali atayamba kuda. Adandipatsa kajumbo ka koko wowiritsa kuti ndidye m'njira. Ndidafuna kukana pokumbuka chaka chimene tidalimo, koma mayi adandiitana aja adandiyang'ana ndi diso lakuti landirani.

“Mukadzabweranso, mwanangu,” adatero agogo, “mudzanditengere usipa wa kunyanja. Bambo ankautchula mpaka tsiku lomwalira, koma ine sindidaulawe. Ndipo mudzalowere nawo kuseri.”