Mng'alu wa kumtunda kwa munda

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Mongue, anthu amathamangira kubzala, koma ine ndimayamba ndakwera kumtunda kwa munda wanga kukayang'ana nthaka. Anzanga amandiseka, ati ndikusaka mbewa nyengo itapita. Chizolowezi chimenechi anandiphunzitsa ndi malume anga.

Unali mwezi wa Disembala, ine ndikali mnyamata. Munda wathu unali m'mbali mwa phiri, pamphanje yomwe tidatsegula zaka zitatu m'mbuyomo. Mvula itagwa masabata awiri osakata, malume anapeza mng'alu kumtunda kwa mizere, wautali mikono khumi, woti dzanja n'kulowamo. Ine ndinatenga khasu kuti ndiukwirire. "Mphwanga, siya zimenezo," iwo anatero mokalipa. "Tenga mphasa ndi miphika, m'chisakasa muno sitigonanso." Ndinanyinyirika poganiza za nguluwe zomwe zikatsale zikudya chinangwa chathu. Patapita masiku anayi, chigawo chonse cha mundawo chinatsetsereka usiku, pamodzi ndi chisakasa chija ndi nthochi zomwe.

Malume ankafotokoza chonchi: dothi la m'phiri ndi lochepa, langokhala pamwamba pa thanthwe ngati mphasa. Mvula zoyamba zimalowa pansi mwakachetechete mpaka dothi litakhuta, kenaka madzi amayamba kuyenda pakati pa dothilo ndi mwala, ndipo pamenepo pamaterera. Chomwe chimagwira dothi ndi mizu ya mitengo. Mtengo ukadulidwa mizu siiwola chaka chomwecho ayi, imatenga zaka zingapo, n'chifukwa chake munthu amalima kawiri katatu popanda vuto n'kumati malowo ndi abwino. Mvula yamphamvu ya Januwale kapena Malichi imangodzamaliza ntchito yomwe idayambika kale.

Tonse a m'boma lino tikudziwa zomwe zidachitika mu Januwale 1998, pamene miyala, matope ndi mitengo zidatsika m'phiri la Tumbine pafupi ndi tauni ya Milange n'kupha anthu ambirimbiri. Abale athu a kutsidya adaziona kale mu Malichi 1991, pomwe phiri la Michesi lidagumukira pa Phalombe ndipo anthu mazanamazana adafa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adachita zomwezo ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, ndipo m'Malawi monse mudafa anthu oposa 1,000. Akuluakulu amati ameneyo ndi Napolo akusamuka. Ine sindilimbana nawo pa dzinalo, koma ndimakana akamati sachenjeza.

Kumapiri ozizira a ku Ulaya, monga a Alps, alinso ndi vuto lofanana ndi lathuli, kungoti kumeneko chomwe chimagumuka ndi chipale chofewa, chisanu choyera chija chimagwa ngati ufa. Chomwe chagwa koyambirira kwa nyengo yozizira nthawi zina chimasanduka ngati mchenga wosagwirana, ndipo china chikadzaunjikana pamwamba pake, munthu mmodzi kungopondapo chonse chimatsetsereka. Akatswiri awo amakumba dzenje kuti aone za pansizo, ndipo tsiku ndi tsiku amalengeza kukula kwa ngozi ndi manambala, kuyambira 1 mpaka 5. Ife manambala athu ndi maso: mng'alu watsopano, mtengo womwe wayamba kupendekeka, kasupe wotumphuka pomwe panalibe, madzi a mumtsinje kuda mwadzidzidzi. Choopsa kuposa zonse ndi mtsinje kuphwera mvula ili mkati, pakuti ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndipo kukatseguka zibwera zonse pamodzi. Mukamva kugunda ngati galimoto lalikulu, musathawire kumunsi motsata khwawa, thawirani cham'mbali pokwera.

Chomwe chandilembetsa zonsezi ndi mwana wanga wachisamba. Chaka chatha wamanga nyumba ya malata pamathero pa khwawa, pamalo osalala bwino, ati pafupi ndi madzi. Ndidamuonetsa miyala ikuluikulu yomwe ili mbwee pabwalo pake, ndi kumufunsa kuti idafika bwanji pamenepo popeza miyendo ilibe. Adangoti, "Bambo, malo ena muwapeza kuti?" Ndipo pamenepo sananame, malo achepadi, ine ndemwe ndilibe poti ndimupatse.

Tagwirizana chimodzi chokha. Mvula ikagwa masiku atatu osakata, mpongozi wanga ndi adzukulu azibwera kudzagona kwathu. Iye akuti azitsala, aziyang'anira mbuzi.